Mapateni a zikwama zanga tsopano ndimajambulira pa Inkscape

Ndimasoka zikwama za zigamba za chitenje kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Nsalu zanga zambiri ndi zotsala kwa matelala anzanga osoka madiresi. Amandisungira m'thumba, ine ndimadutsa Lachisanu kukatenga. Pa zikwama zina ndimasokererapo nkhanga kapena njovu yodulidwa pa nsalu ina, ndipo zimenezi ndi zomwe zimayenda msanga kwa alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Kwa zaka zambiri mapateni anga anali a makatoni a sopo. Ndinkajambula ndi pensulo, kudula ndi sizasi, kuboola pakona n'kukoleka pa msomali kuseri kwa chitseko.

Katoni imadyeka. Ukamazunguliza choko m'mphepete mwake tsiku ndi tsiku, makona amatha pang'onopang'ono iwe osazindikira. Mlomo wa nkhanga yanga unafupika chonchi, ndipo ndinadzaona nditaika chikwama chatsopano pambali pa chakale. Chaka china denga linadontha mu Januwale, makatoni asanu ndi awiri ananyowa n'kupindika. Komanso kasitomala akati akufuna nkhanga yomweyo koma yokulirapo, ndinkayambiranso kujambula, ndipo yachiwiriyo sinkafanana ndi yoyamba.

Mu 2022 mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira ku Lusaka, anagula laputopu yatsopano n'kundisiyira yakale. Batire lake limagwira ola limodzi ndi theka basi, koma imayaka bwinobwino. Anandiuza kuti, "Azakhali, nkhanga yanuyi muziisunga umu. Mukafuna yaikulu muikuza, mukafuna yaing'ono muichepetsa, ndipo umu singadyeke." Anabwerera kusukulu asanandionetse zambiri. Zotsalazo ndinaphunzira ndekha usiku, ndi mavidiyo a pa YouTube, ndipo ndinadutsa m'mapulogalamu angapo ndisanapeze yogwirizana ndi ntchito yanga. Chimene ndinkafuna n'chimodzi: ndikalemba kuti mbali iyi ndi masentimita 12, pa pepala itulukedi 12, chifukwa pepalalo ndikaliika pa nsalu n'kudula, nsaluyo sibwereranso.

Ndinayambira pa Canva, poti ndi imene aliyense amaitchula. Ndi ya kampani ya ku Australia imene inayamba mu 2013, ndipo kuphunzira kwake sikuvuta ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba lomwelo ndinapanga kachithunzi ka mitengo ya zikwama n'kukaika pa WhatsApp. Mpaka lero timapepala tomangirira pa zikwama, tolembedwa dzina la shopu ndi kachapidwe kake, ndimapangira mmenemo, ndipo sindikuganiza zosiya. Koma Canva anaipangira kusanja zinthu zimene zilipo kale, monga zithunzi, mawu ndi maluwa awo okonzeratu. Kutenga mzere wa msana wa nkhanga n'kuupinda pang'ono apa, kuuwongola apo, mpaka ufanane ndi umene uli m'mutu mwanga, si ntchito yake. Imafunanso akaunti ndi intaneti, ndipo kutulutsa fayilo ya SVG, imene imakulola kukakonzanso mizere pa pulogalamu ina, n'kwa amene akulipira. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri ndipo netiweki nayo inkagwa nawo limodzi. M'chaka chimenecho ndinaphunzira kuwerengera pulogalamu yogwira ntchito popanda intaneti.

Pa foni ndili ndi ibisPaint X, ya ku Japan. Ndi yaulere, ngakhale imaonetsa zotsatsa malonda. Phindu lake limaoneka kasitomala akaima pa thebulo langa koma akulephera kufotokoza chimene akufuna. Mayi wina anabwera ndi chitenje cha kwaya yawo, akufuna zikwama 14 zonyamulira mabuku a nyimbo. Ndinajambula chitenjecho ndi foni, n'kuyamba kulemba pamwamba pa chithunzicho ndi chala. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, zogwirira zifike apa kapena apa?" Iwo anati, "Zitalikeko pang'ono, tizikoleka paphewa." Ndinafufuta n'kulembanso, chithunzi cha chitenje osakhudzidwa, chifukwa zolembazo zimakhala pa gawo lawolawo pamwamba pake. Tinamvana mphindi zisanu zisanathe. Pa zokambirana ngati zimenezi ndi yabwino kwambiri. Pateni yodulira sindijambulirapo, chifukwa sikirini ya foni ndi yaing'ono, chala n'chachikulu, ndipo zimene ndimajambulamo ukazikuza kwambiri m'mphepete mumaoneka manomano.

Imene ndakhazikikapo ndi Inkscape. Ndi yaulere kotheratu, palibe zoti ulawe masiku ochepa kenako uyambe kulipira. Imapangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana kuyambira mu 2003, ndipo imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Ya pa foni kulibe. Ndinapanga dawunilodi kamodzi pa inkscape.org, usiku pamene bandulo imatsika mtengo, ndipo kuyambira pamenepo sinandifunsenso za intaneti.

Kusiyana kwake kuli pa kasungidwe ka chojambula. Chithunzi cha pa foni ndi timadontho tambirimbiri toyalidwa ngati mikanda m'lichero. Ukachikuza, timadonthoto timakula nato. Inkscape imasunga mzere ngati ulusi wokulungidwa pa mapini: imakumbukira pamene pali pini iliyonse ndi mmene ulusi ukupindikira pakati pa pini iyi ndi inzake. Odziwa za kompyuta amati vector. Ndiye kaya nkhanga ikhale ya pa kachikwama ka ndalama, kaya ya pa nsalu yokoleka pakhoma ya mita imodzi, mzere umatuluka wakuthwa chimodzimodzi.

Mmene ndinalowetsera nkhanga yanga ndi motere. Ndinaijambula kaye pa pepala loyera ndi cholembera chakuda chonenepa. Ndinatuluka nalo pakhonde, pamthunzi koma powala, n'kulijambula ndi foni nditaigwira molunjika pamwamba pa pepala. Ukapendeketsa foni, nkhanga imatuluka yaifupi miyendo. Chithunzicho ndinachisamutsira mu laputopu ndi chingwe, n'kuchilowetsa kudzera pa File ndi Import. Pansi pa Path pali Trace Bitmap, ndipo imeneyi imatsata zakuda zonse n'kuzisandutsa mzere. Ili ndi nambala yoyambira ya 0.45. Ukaikweza imatola zambiri, ngakhale mthunzi ndi litsiro la pa pepala, ukaitsitsa mizere yopyapyala imasowa. Yanga inatuluka bwino, koma ndi timfundo, mapini aja, mazanamazana. Ukadina Ctrl ndi L timachepa. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira, kachitatu inayamba kudya mlomo ndi zala za nkhanga.

Patapita miyezi ndinasiya njira imeneyi pa zinthu zodula pa nsalu. Tsopano ndimaika chithunzi pansi, n'kutenga cholembera cha pulogalamuyo podina B, n'kutsata ndekha m'mphepete, kuika mfundo pokhapokha pamene mzere ukukhota. Kenako ndimadina N n'kukoka timikono ta mfundo iliyonse mpaka msana utabulungira mmene ndikufunira. Nkhanga yanga ya lero ili ndi mfundo 23 zokha. Imaduleka bwino ndi sizasi, ndipo makina anga opalasa amaitsata osagwedezeka, chifukwa mulibe timakhotakhota tosafunikira. Trace Bitmap ndimaigwiritsabe pa mawanga ndi pa zilembo zolembedwa pamanja.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi miyeso. Mu Document Properties ndinasankha mamilimita, pepala la A4, limene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ukasankha chinthu chilichonse, pamwamba pamaoneka timabokosi tiwiri, W ka m'lifupi ndi H ka m'litali. Umalembamo nambala, chinthucho chimakhala chomwecho. Pakati pawo pali kaloko: ukakatseka, kukuza mbali imodzi kumakuzanso inayo mofanana, nkhanga osanenepa kapena kuonda. Mwezi watha mlendo wina anafuna njovu ya pa chikwama ikhale pa pilo. Ndinatseka kaloko, ndinalemba 300 pa W, basi ntchito imene kale inkanditengera madzulo athunthu inathera pomwepo.

Pali kamsampha kamodzi pamenepa kamene mavidiyo ambiri sanena. Ikangoikidwa kumene, Inkscape imawerengera kunenepa kwa mzere pa muyeso. Chigamba cha mamilimita 100 chokhala ndi mzere wonenepa mamilimita 2, mkati mwake sichikwana 100. Lowani mu Preferences, pa Tools, musankhe Geometric bounding box. Mukatero imayeza pakati penipeni pa mzere, ndipo simudzakhudzanso pamenepo.

Malo a msoko nawo sindiyezanso ndi tepi kuzungulira pateni yonse. Ndimadina Ctrl ndi D kuti pateni ikhale iwiri yosanjikizana, ya pamwambayo ndimaipatsa Offset kuchokera mu Path Effects, n'kulemba mamilimita 10. Mzere wachiwiri umatuluka kunja, wotalikirana mofanana paliponse, ngakhale pokhota. Wa mkati ndimaupanga wodukizadukiza, ndiwo wosokapo. Wa kunja wathunthu, ndiwo wodulapo. Mtsikana amene ndikumuphunzitsa kusoka safunsanso kuti adule pati. Ndipo poti nyama zosokerera timazilemba kumbuyo kwa nsalu, ndimadina H kuti itembenuke ndisanapulinte, kuti ikafika pa chikwama iyang'ane kumene ndinafuna.

Chinanso chimene makasitomala akutali amachikonda ndi ichi. Ndimajambula zitenje zimene ndili nazo, ndimalowetsa chithunzi, ndimaika pateni pamwamba pake, ndimasankha zonse ziwiri n'kudina Set Clip pansi pa Object. Chitenje chimangotsala mkati mwa pateni, ngati ndachidula kale. Ndimatha kusanja zigamba zisanu ndi zitatu, kusuntha chofiira kuti chisagundane ndi chofiira chinzake, n'kutumiza pa WhatsApp kwa munthu ali ku Lusaka kapena ku Mchinji kutsidya kwa Mwami, sizasi isanakhudze nsalu. Ndimawachenjeza nthawi zonse kuti mtundu wa pa sikirini ndi wa pa nsalu sufanana ndendende, makamaka wobiriwira ndi wa buluu, komanso foni iliyonse imaonetsa mosiyana.

Tsopano ndinene pamene ndinaluza nsalu, chifukwa ambiri mudzapunthwa pomwepa. Pulinta ndilibe, ndimapita ndi fulashi ku shopu ina yopulinta m'tauni. Pa zikwama 14 za kwaya zija, mbali iliyonse inali ya zigamba zinayi m'lifupi. Chigamba chimodzi ndinachijambula masentimita 12, kuti ndikachotsa sentimita imodzi ya msoko uku ndi uku patsale 10, zinayi zikwane 40, kufanana ndi zipi. Mnyamata wa pa shopuyo anapulinta mwachangu, ine ndinalipira n'kubwerera. Ndinamata pepala pa katoni, ndinadula zigamba za zikwama zisanu tsiku lomwelo. Nditalumikiza mbali yoyamba n'kuika zipi, zipi inatsala panja masentimita awiri. Ndinatenga tepi n'kuyeza pateni: 11.5. Pulinta inali pa Fit to page, ndiye inachepetsa tsamba lonse pang'ono kuti likwane mkati mwa malire ake. Theka la sentimita pa chigamba chimodzi silioneka ndi maso, koma pa zinayi mbali inatuluka 38. Chitenjecho chinali chawo, chosapezeka pa msika. Ndinapita kwa mayi aja kukawafotokozera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Musadandaule amayi, zisanuzo zikhale za atsikana, zina zija mukonze bwino." Ndinagula mazipi ena asanu ndi ndalama zanga.

Inkscape sinalakwe pamenepo, fayilo inali yolondola. Kuyambira tsiku limenelo, pakona pa tsamba lililonse ndimaikapo kabokosi ka masentimita 5 mbali zonse. Ndimasunga fayilo ngati PDF, ndipo ndikafika pa shopu ndimanena ndisanapereke fulashi kuti, "Achimwene, muike Actual size, kapena 100, osati Fit." Tsamba loyamba likatuluka ndimayeza kabokosiko pa kauntala pomwepo, ndi tepi imene imakhala m'khosi mwanga. Kakakwana 5 ndiye ndimati apitirize. Ndimasiyanso malo a sentimita imodzi ndi theka m'mphepete mwa tsamba, chifukwa mapulinta ambiri safika kumapeto kwenikweni kwa pepala.

Zovuta zake zilipo, ndipo sindikubisirani. Masabata awiri oyamba ndi owawa. Ukaitsegula umakumana ndi timabatani tambirimbiri kumanzere, kumanja ndi pamwamba, mawu onse m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo palibe chimene chimakugwira dzanja ngati mmene Canva imachitira. Cholembera cha B chija chimafuna kuleza mtima, poti kudina kumapanga kona pamene kudina n'kukoka kumapanga mzere wokhota, ndipo dzanja limatenga nthawi kuti lizolowere kusiyana kumeneku. Ine ndinatsala pang'ono kuisiya. Chimene chinandithandiza n'kugula mausi ku Down Shops, chifukwa kukoka timfundo ndi chala pa kabwalo ka laputopu n'kuzunzika chabe. Chachiwiri, ndinaleka kufuna kudziwa zonse. Pa zida zonse zili m'mbali muja ndimagwiritsa ntchito zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo zikundikwanira.

Laputopu yakale ngati yangayi imalemedwa ukalowetsa zithunzi zikuluzikulu za zitenje zingapo nthawi imodzi, choncho ndimazichepetsa kaye pa foni ndisanazisamutse. Pateni yoposa A4, monga ya chikwama cha ulendo, imafuna masamba angapo. Kuyambira pa Inkscape 1.2 ya mu 2022 umatha kuika masamba ambiri m'fayilo imodzi, koma kuwalumikiza ndi guluu kumatsalabe kwa iwe. Ine ndimaika timitanda m'mphepete kuti ndidziwe pogundanitsa. Ndipo chifukwa cha batire langa, chala chinazolowera Ctrl ndi S ndikangosintha kanthu kalikonse.

Za mapulogalamu olipira ndinafunsafunsa. Adobe Illustrator imagwira ntchito yofanana ndi imeneyi ndipo akatswiri amaiyamikira, koma kuyambira mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa Illustrator yatsopano kamodzi n'kamodzi, umalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndi khadi ya ku banki. Kwa munthu amene miyezi ya mvula amagulitsa zikwama zowerengeka, ngongole yobwera mwezi uliwonse ndi katundu wolemera. CorelDRAW, ya ku Canada, ndi imene ndimaiona kwambiri m'mashopu opulinta ndi opanga zikwangwani kuno. Ngati cholinga chanu n'kukalembedwa ntchito m'shopu yotere, iphunzireni. Ngati mukungofuna kuti akupulintireni, PDF amaitsegula popanda vuto. Mungokumbukira kusandutsa mawu anu kukhala mizere podina Object to Path musanasunge, apo ayi zilembo zikhoza kusintha pa kompyuta yawo. Pali anyamata amene amauza anthu kuti awaikira mapulogalamu olipirawa mwakuba pa mtengo wochepa. Ine ndinakana. Mapateni anga a zaka zitatu ali mu laputopu imeneyi, sindingaitsegulire khomo mavairasi pamene yaulere yovomerezeka ilipo.

Krita ndi GIMP ndinaziyesa masiku ochepa. Zonse ndi zaulere. Krita ndi ya openta, ndipo amene amapenta pa nsalu kapena pa zikho angaikonde poyesera mitundu. GIMP ndi yokonzera zithunzi. Pa mapateni odulira palibe imene inandipatsa chifukwa chosiyira Inkscape. Anzanga osoka madiresi ndi masuti ayang'ane Seamly2D, yaulerenso, imene imamanga pateni kuchokera pa miyeso ya thupi la munthu. Amene muli ndi makina opeta a kompyuta, pali Ink/Stitch yowonjezera mu Inkscape momwemo, imatulutsa mafayilo a DST ndi PES amene makinawo amawerenga.

Mnzanga wina woluka madengu ndi mphasa anandifunsa ngati nayenso aiphunzire. Ndinamuuza kuti kwa iye pepala la timabokosi la masamu ndi mapensulo amitundu n'zokwanira, pokhapokha ngati akufuna kutumizira ogula akutali chithunzi choyera cha kalukidwe. Koma kwa ife odula, kaya nsalu, kaya chikopa cha nsapato, kaya thabwa lopyapyala, ndi amene timabwereza chinthu chimodzi pa masaizi osiyanasiyana, masabata awiri owawa aja amabweza okha.

Makatoni sindinawasiye. Ndimapulinta, ndimamata pepala pa katoni ya sopo, ndimadula, ndimakoleka pa msomali womwe uja. Pa pateni iliyonse pamalembedwa dzina lake, muyeso wake ndi tsiku limene ndinaipulinta, ndipo ikayamba kudyeka m'makona ndimaitaya n'kukapulintanso ina. Mafayilo ndimasunga pawiri, mu laputopu ndi pa fulashi imene imagona m'kabati ya makina, pamodzi ndi mabobini. Sabata ino ndikujambula chishango cha Angoni, cha zikwama zimene ndikufuna kukagulitsa ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale. Ndachijambula theka lokha, lamanzere. Theka linalo ndidina Ctrl ndi D, kenako H, n'kulumikiza pakati.